Mkono Wobwereka

Achemwali anga anali ndi tensawu, ine ndinali ndi njinga. Zonse zinayambira pamenepo.

Tensawu ndi matenda aja othamangitsa magazi, amene abale athu a ku Malawi, tsidya la Chiponde, amati bipi. Achemwali anawapeza nawo chaka chimene anagwa chagada m'munda wa nandolo, mutu ukuwaphwanya, khosi litauma gwa. Tinawanyamula kupita nawo ku chipatala chathu chaching'ono cha kuno ku Ngauma. Namwino anawakulunga chinsalu chofinya pamkono, anapopa, anayang'ana, n'kutong'ola maso. Anapopanso kachiwiri poganiza kuti makina anama. Kenako anawalembera karitawu, pepala lolimba lopinda pakati, n'kuwapatsa mapilitsi a mitundu iwiri, loyera ndi lachikasu. Lamulo linali limodzi: mwezi uliwonse mwini matenda abwere, ayezedwe mkono, manambala alembedwe pa karitawu, ndipo akatero alandire mankhwala a mwezi wotsatira.

Tsono muwadziwe kaye achemwali anga. Ndi mayi wamasiye ngati ine, amandiposa ndi zaka zinayi, ndipo nyumba zathu zimayang'anizana pabwalo limodzi. Tinafanana moipa: kufupika komweko, mphuno yomweyo, ngakhale mpata wa mano akutsogolo tinagawana. Pamene tinasiyana m'pakuti iwo anali mkulu wa amayi kutchalitchi, munthu wozolowera kulangiza ena, osati kulangizidwa. Akati "iwe!", ndi nkhuku zomwe zinkaima.

Anapitako miyezi itatu. Ulendo wake si wamasewera. Wapansi umanyamuka m'mamawa, ukafika dzuwa litakwera, n'kupeza mzere wafika kale pamtengo wa mango. Tsiku lonse latha, udzu kumunda ukukula, mbuzi zalowa m'chinangwa cha eni. Mota ankaikana, ati njinga zamoto zimawagwedeza ubongo. Panjinga yanga ankakwera, koma njira yonse akundiphunzitsa kupalasa, iwo amene chibadwire sanagwirepo chiwongolero.

Koma chimene chinathetsa zonse si mtunda ayi. Unali mchere. Namwino wa nthawi imeneyo anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo wotsiriza, wolankhula mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve. Tsiku lina anawafunsa pamaso pa gulu:

"Mayi, mchere munasiya?"

"Kalekale, mwanawe."

Pabenchi panali mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amene achemwali anamudzudzulapo za kuchedwa ku mapemphero. Anatsokomola pang'ono n'kuti, "Inde anasiyadi. Angotsala ndi nsomba zamchere za ku Amaramba zija, zimene timamva fungo tikamadutsa."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Namwino anawakalipira ngati mwana wa sukulu. Achemwali anakwera njinga, ndipo titafika kunyumba anaponya karitawu patsindwi la khola. "Sindidzapondakonso. Chinsalu chija ndi chimene chimakweza magazi. Munthu akufinye choncho, magazi athawire kuti?"

Anayesa zakwathu. Masamba a mapeyala owiritsa anamwa mpaka mtengo wa mnansi wathu unatsala nthambi zokha. Adyo ankatafuna wosaphika, moti kutchalitchi benchi yawo inayamba kukhala ndi malo ambiri. Anapita kwa bambo wina wa ku Itepela amene anawatema mphini pankhongo, ati magazi oipa atuluke. Amayi anzawo anabwera kudzawapempherera kawiri, ndipo kawiri konseko inafa ndi nkhuku yanga. Patatha miyezi ingapo mutu unabwerera, m'makutu n'kuyamba kulira ngati mwalowa nyenje. Anatsitsa karitawu patsindwi paja ndi mtengo, anaipukuta, n'kundipatsa.

"Pita ukanditengere mapilitsi aja."

Ndinapita mokhulupirika, ndinafotokoza zoona zokhazokha, ndipo ndinabwerako chimanjamanja. Namwino anati, "Mwini wake abwere. Mankhwala sitipatsa pepala, timapatsa munthu."

Mawu amenewa ife anatidabwitsa, ndipo musatiseke msanga. Ife tinakulira ku Malawi, kumene tinathawira nthawi ya nkhondo, n'kubwerera kuno titatha msinkhu. Kumeneko moyo wathu unali pa khadi la chakudya. Tsiku logawa ufa ndi nyemba, akaitana dzina, amene wagwira khadi ndiye ankayankha. Mayi akadwala ankapita mwana, mwana akapita kunkhuni ankapita mnansi. Palibe amene ankakuyang'ana kumaso. Ankayang'ana khadi, kuliboola, thumba lako ilo, wotsatira. Tinaphunzira tili aang'ono kuti za m'maofesi zimayenda chonchi: munthu ndi pepala, wonyamula pepala ndi miyendo chabe. Nanga tsono kamtsikana aka kakuti chiyani? Kwa ife kuyeza mkono kuja kunali chimodzimodzi kuboola khadi, mwambo woti uchitike usanalandire chako.

Kenako tinamva kuti namwino uja wasamutsidwa, kwabwera wina, bambo wa ku Cuamba amene sadziwa aliyense kuno. Ndikanakonda kunena kuti nzeru imene inatsatira inali ya achemwali. Koma ayi, inali yanga, ndipo ndinainyadira kwabasi. Ndinati, "Achemwali, mkono si mkono basi? Ndipite ine, ndikanene kuti ndine inu."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ndi nsanza zimenezo? Ukandichititse manyazi? Tenga kapulana yanga, chitenje cha Pasaka chija, ndi duku lake. Ndipo ukayende pang'onopang'ono, uziusa moyo, osati kujowajowa ngati mwana wa mbuzi. Ndine munthu wolemekezeka ine."

Pamzere panali anthu akwathu angapo, ndi mayi wa nkhani ya nsomba uja anali pomwepo. Anaona kapulana, anaona nkhope, anamvetsa. Palibe anatsegula pakamwa. Kwathu tikhoza kukuulula za mchere kuti tiseke, koma kukuulula kwa a boma kuti ubwerere wopanda mankhwala, ayi, umenewo ndi ufiti. Ataitana dzina la achemwali ine ndinangokhala duu, ndikuyang'ana uku ndi uku kuti ndani ameneyu wa dzina lofanana ndi lakwathu. Mayi wa nsomba yemweyo ndiye anandigunda ndi chigongono. "Akuitanatu inu, amayi a tensawu."

Namwino watsopanoyo anali bambo wofatsa, wa zaka zapakati. Chinyanja chake chinali chotsimphina, chosakaniza ndi Chimakua, koma ankalankhula mwaulemu. Anafunsa kumene ndinali miyezi yonse imene karitawu inali yosalembedwa. Ndinati ndinali tsidya kwa mwana wanga, ndinkalandira komweko. Bodza linatuluka lokha, losalala, mpaka ine mwini ndinadabwa. Anandikulunga chinsalu chija. Mtima unkagunda ngati ndaba mbuzi, ndipo ndinati basi, makina andigwira. Anapopa, anayang'ana, anayang'ananso manambala akale, kenako anamwetulira.

"Mayi, mwachita chiyani? Magazi anu akuyenda ngati a mtsikana."

"Ndinasiya mchere, bambo," ndinatero, n'kuusa moyo monga anandilangizira.

"Mankhwala mukumwa tsiku lililonse?"

"Osaphonya."

Pobwerera ndinayamba kuimba belu la njinga ndili kudambo. Achemwali sadziwa kuwerenga, koma anaigwira karitawu mozondoka n'kuyang'anitsitsa manambala atsopanowo. "Akuti bwanji?"

"Akuti muli bwino. Magazi ngati a mtsikana."

"Ndinkadziwa ine! Kamwana kaja kankakweza dala." Tsiku limenelo anakazinga nsomba zamchere zitatu za chikondwerero, ndipo ine ndinadya nawo.

Mukuona pamene panagona uchitsiru wathu? Manambala anali pa karitawu yawo, pansi pa dzina lawo, ndiye anali awo. Achemwali anakhulupirira ndi mtima wonse. Ine ndinkadziwa ndithu kuti mkono unali wanga, koma ndinkati nanga si magazi ndi amodzi, bere tinayamwa limodzi. Chachikulu mapilitsi afika, iwo akumwa, mutu waleka. Ndipo unalekadi.

Mwezi wachiwiri ndinapita, wachitatu ndinapita. Ndiulule, ndinayamba kulikonda tsikulo. Kunalibe khasu, kunali mandasi a pageti, kunali nkhani za midzi isanu pabenchi imodzi. Koposa zonse kunali kuyamikiridwa. Ine chibadwire palibe anandiyamikapo. Kunyumba wanzeru anali achemwali, kutchalitchi woimirira kutsogolo anali achemwali, ndipo mwamuna wanga mpaka kumwalira kwake chimene anayamikapo ndi mvula basi. Tsono apa pali munthu wophunzira, wovala zoyera, akundiuza mwezi ndi mwezi kuti, "Mayi, odwala onse akanakhala ngati inu!" Ndinkatuluka m'chipindamo nditatalika.

Mwezi wachinayi anandifunsa ngati ndimamva chizungulire ndikaimirira msanga. Ndinaganiza kuti wodwala wopanda dandaulo n'limodzi lomwe amakayikitsa, ndiye ndinati, "Pang'ono, makamaka m'mawa." Silinali bodza lenileni, ndinali nditapalasa njinga m'mimba mulibe kanthu. Bamboyo anagwedeza mutu. "Ndinaganiza. Magazi atsika kupitirira. Mapilitsi awiri akukuchulukirani." Anatenga cholembera n'kukhwatcha lachikasu lija.

Ine mbuzi ya munthu ndinanyamula nkhaniyo ngati mphatso. "Achemwali, akuchotserani limodzi! Mwatsala pang'ono kuchira!" Lamulungu lotsatira anaimirira kutchalitchi kupereka umboni, kuti matenda amene a chipatala amati sachira, kwa iwo atsala theka. Amayi anaimba nthungululu. Mayi wa nsomba uja anandiyang'ana cham'mbali, ine n'kuyang'ana kudenga.

Kenako kunabwera za uphunzitsi. M'mawa asanayambe kuyeza, kuchipatala kumakhala kaphunziro kwa anthu a pamzere: za udzudzu, za madzi, za kusamba m'manja. Tsiku lina bambo uja anati, "Lero sindilankhula ine. Pali mayi pano amene anayamba magazi ali kumwamba, lero ali bwinobwino. Atiuze okha chinsinsi." Ndinacheuka kuti ndimuone mayiyo. Ankanena ine.

Munthu wanzeru akanati mawu atsekeka ndi chimfine. Ine ndinakonza duku n'kuimirira. Abale inu, ndinalalikira! Ndinaunyoza mchere ngati unandiphera amayi. Ndinati ndiwo zanga ndimangothira mandimu ndi tomato, ine amene ndimanyambita mchere pachikhatho podikira mphika. Ndinati nsomba zouma ndimaziviika katatu n'kutaya madziwo. Ndinati munthu asamatume mnzake kuchipatala, azibwera yekha. Ee, mawu amenewa anatuluka m'kamwa mwanga momwemu! Anthu akwathu anali atabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. A midzi ina anaomba m'manja, ndipo agogo ena aamuna anandifunsa ngati ndili pabanja.

Achemwali atamva anakwiya tsiku lonse. "Dzina langa, matenda anga, kapulana yanga, m'manja akaombere iwe? Ukanene kumeneko kuti za mandimuzo ndinakuphunzitsa ndine." Sanandiphunzitse, ndipo mandimu sankafuna n'kuwaona komwe.

Sipanapite nthawi, a chipatala anabwera m'mudzi mwathu kudzabaya ana katemera. Sitinadziwe kuti bambo uja ali nawo pagululo. Tinangoona munthu wovala zoyera akulowa pabwalo, chikwama paphewa, akufunsa nyumba ya wodwala wake womvera uja. Tonse awiri tinali pamkeka, tikusenda mtedza. Kothawira kunalibe.

Anandipatsa moni ndi dzina la achemwali, kenako anayang'ana iwo. "Awa ndi abale anu? Mwafananatu."

"Mng'ono wanga," ndinatero.

Achemwali anatsamwa ndi mtedza. Ine ndinaona kuti mwayi wotere sudzabweranso mpaka kumanda. "Iwe," ndinawatero, "wangokhala ukuona mlendo waima? Katenge mpando. Ubwerenso ndi madzi akumwa, m'kapu yabwino ija, utsuke kaye."

Anaimirira. Ndinaona milomo yawo ikutafuna mawu amene sindingalembe pano. Anabwera ndi mpando, anabwera ndi madzi, anagwada popereka, diso lili pa ine. Zaka zonse zimene ananditumapo ndinazibweza masana amodzi amenewo, ndipo ndinganame, zinanditsekemera.

Bamboyo akumwa madzi ankawayang'anitsitsa. "Mng'ono wanuyu maso ali ofiira. Matendawa amayenda m'banja. Makina ndili nawo m'chikwamamu, ndiwayeze?"

Achemwali anabisa mikono yonse iwiri m'nsalu. Ine ndinaseka. "Ameneyu? Alibe kanthu, bambo. Ndi ulesi chabe."

Naye anaseka, anatsanzika, n'kupita ndi makina ake. Atangozimiririka ndinathamangitsidwa ndi chikuni kuzungulira nkhokwe kawiri, ndikuseka mpaka misozi.

Koma mutu uja unali utabwerera mwakachetechete. Ndinkawapeza atamanga kansalu pachipumi, ati ndi dzuwa. Tsiku lina akusenda chinangwa, magazi anatuluka m'mphuno n'kudonthera m'beseni. Anati, "Ukapita ukawauze kuti mutu ukundiwawa, ndipo m'maso mukuchita chifunga."

Ndinakanena, nditagwira mutu wanga womwe. Bamboyo anandiyeza kawiri, anandiunika m'maso ndi katochi, n'kuti, "Magazi ali bwinobwino. Mwina ndi kutopa." Anandipatsa mapilitsi a mutu wamba. Ndipo poti ndinali wodwala womvera, anandipatsa loyera lija la miyezi itatu nthawi imodzi, kuti ndisamavutike ndi mtunda.

Tsiku limenelo belu sindinaimbe. Pa mlatho wa mitengo ndinatsika panjinga, chifukwa chinthu chimene ndinkachikankha miyezi yonseyi chinali chitandipeza. Bamboyu akuchiza ine, amene sindikudwala. Amene akudwala, palibe wamuyeza chaka chino. Anabwera ndi makina mpaka pamkeka pathu, ine n'kumubweza ndi nthabwala.

"Achemwali," ndinatero nditafika, "ulendo wotsatira mupite nokha. Akakuyezeni inuyo."

"Ndikati ndine yani? Kumeneko iwe ndiwe ine, ndipo ine ndine mng'ono wako waulesi. Ndikafika ndi karitawu yomweyi atigwira tonse, iwe mphunzitsi wa mandimu."

"Ndiye tipite tsidya, mukayambe buku latsopano la kuchipatala ku Malawi."

"Tikakolola."

Ndikanalimbikira. Ndikanawakweza panjinga m'mawa mwake, n'kukagwada pamaso pa bambo uja kuti ndinanama. Koma ndinaganiza za anthu amene anandiombera m'manja, za nkhope yake akamati odwala onse akanakhala ngati ine. Ndinaopa manyazi kuposa matenda a mbale wanga. Ndinati, "Chabwino, tikakolola." Pa zonse zimene ndinachita, chimene sindidzikhululukira ndi mawu awiri amenewo.

Sitinafike pokolola. Unali m'mawa, chimanga chitangoyamba kuuma. Achemwali ankapeta mphale pakhomo pawo, akundikalipira za nkhuku zanga, ine ndikuyankha ndili m'nyumba mwanga. Mwadzidzidzi kukalipa kunaduka pakati. Ndinamva lichero likugwa. Nditatuluka ndinawapeza atatsamira khoma, mphale ili mbwee pansi, pakamwa patapotokera mbali imodzi, mkono wamanja uli lende. Ankandiyang'ana, milomo ikuyenda, mawu osatuluka.

Tinawakweza pa mota, iwo pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira kuti asagwe. Njira yonse ndinkawaitana, iwo akungobuula.

Bambo uja atandiona pakhomo anamwetulira. "Mayi athu! Tsiku lanu silinakwanetu." Ataona amene tinkamutsitsa, kumwetulira kunatha. "Mng'ono wanu uja?" Anawagoneka, anawakulunga chinsalu kumkono wamanzere, anapopa. Manambala sindiwadziwa, koma nkhope yake ndinaiwerenga.

"Anayezedwapo chiyambire? Ali ndi karitawu?"

Ndinaitulutsa pachifuwa n'kumupatsa. Anaidziwa, nanga si zolemba zake zomwe. "Iyi ndi yanu, mayi. Ndikufuna yawo."

"Ndi yawo, bambo."

Anayang'ana ine, anayang'ana iwo. Ndinafotokoza zonse nditagwada pasimenti, mawu akupunthwa: kuti wamkulu ndi iwo, kuti wodwala ndi iwo, kuti mkono umene ankayeza miyezi yonseyi unali wanga. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndinkafuna akalipe, anditukwane, aitane apolisi. Iye anangoloza pamene anakhwatcha paja.

"Pilitsi ili ndinachotsa ndi dzanja langa," anatero motsitsa. "Linali lowatchinjiriza ku chimenechi."

Achemwali anayamba kumenya bedi ndi dzanja lamanzere. Tonse tinawerama. Zinawatengera nthawi, malovu akutsika, koma zinatuluka: "Nda... m'tuma... ine."

Munthu ali pakati pa moyo ndi imfa, koma akulimbirabe kuti wolamula pabwalo paja ndi iwo. Ndinadziwa kuti akundichotsera mlandu, ndipo ndinalira mokweza ngati mwana, pamaso pa mzere wonse.

Anatitumiza ku chipatala cha ku Mandimba, a ku Mandimba anatipititsa ku Cuamba. Tinakhalako milungu itatu, ine pamkeka pambali pa bedi lawo. Moyo unatsala. Mwendo unabwerera pang'ono, amayenda ndi ndodo akukoka phazi. Mawu amabwera amodziamodzi, ngati madzi a pachitsime nthawi ya chilimwe. Mkono wamanja sunabwerere. Anatiuza kuti tiziutikita ndi kuwongola zala tsiku lililonse, ndipo timatero, koma uli chomwecho.

Tsopano timapita awiri mwezi uliwonse, aliyense ndi karitawu yake. Inde, nanenso ndili nayo. Bambo uja anati popeza mkono wanga ndimakonda kuupereka, aziuyeza m'dzina langa. Sanatithamangitse, sanatinenere kulikonse. Koma pa kaphunziro ka m'mawa amafotokoza nkhani ya amayi awiri a mudzi wina wakutali kwambiri, ndipo benchi yonse imatembenukira kwa ife. Ndinamva kuti m'miyezi yotsatira panabwera nkhope zina zatsopano zitanyamula makaritawu akale, zikuyang'ana pansi. Sitinali tokha ayi.

Kunyumba ndine ndimawasambitsa, kuwamanga nsalu, kuwaminyira nsomba. Mchere tinasiyadi tonse awiri, ndipo ndikuuzeni, ndiwo za mandimu n'zoipa, ndinanamiza anthu. Kutchalitchi amapitabe, koma amakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, ndipo wolangiza amayi ndi wina.

Miyezi yonseyo sananditchulirepo mlandu. Ndi chimene chinkandipweteka. Munthu amene ankandikalipira theka la tsiku chifukwa cha nkhuku, pa mkono wake wathunthu anangoti zii. Tsiku lina masana ndikuwatikita zala zija pakhonde, zozizira, zopindika, ndinalephera kudzigwira.

"Achemwali, mkono uwu ndinakupherani ndine."

Ndinaona akusonkhanitsa mawu, ndipo ndinadikira, nditakonzeka kulandira chilichonse.

"Iwe," anatero. "Ukalira... umanyansa. Ndikande... kumsana."

Ndinalowetsa dzanja mu bulauzi yawo n'kuyamba kukanda, misozi ikugwera paphewa pawo.

"M'mwamba. Ayi... kumanzere. Pomwepo."

Ndi pamalo pamene dzanja lawo lamanja linkafika lokha kale. Ndimawakanda pamenepo tsiku lililonse. Sananenepo zikomo n'kamodzi komwe, ndipo tsiku limene adzanene, sindikudziwa kuti nkhope yanga ndidzaibisa kuti.